Thumba la Chipatala ndi Moyo wa Amayi Athu



Abale ndi alongo olemekezeka, inu amene mumakwera msewu wa Golomoti kukagulitsa usipa ndi mpunga ku Dedza mukudziwa kuti chakumpoto kwa bomali kuli phiri la Chongoni, dera lozizira la nkhalango ndi minda ya kachewere. Dzina la Chongoni linamveka kutali chifukwa cha zojambula zakale za m'mapanga, zopezeka m'malo 127, zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wake m'chaka cha 2006. Zina mwa zojambulazo zinkagwiritsidwa ntchito ndi anamkungwi polangiza atsikana. Izi zikusonyeza kuti ngakhale makolo akale ankadziwa kuti mwana wamkazi ayenera kuuzidwa za thupi lake vuto lisanamugwere.

Mayi wa ku Chongoni ndi mayi wa ku Mtakataka, Chipoka kapena Makanjira amasiyana zakudya ndi nyengo, koma funso lawo ndi limodzi: ndikapita kuchipatala ndisanadwale kuti akandiyeze, alipire ndani? M'nkhani ino tifotokoza mmene ndalama za zaumoyo zimayendera m'dziko muno, tanthauzo la inshuwaransi ya zaumoyo imene ikukambidwa kawirikawiri, ndi chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza amayi koposa wina aliyense.

Kodi amalipira chipatala ndani?

Ndondomeko ya dziko lino kwa zaka zambiri yakhala yoti m'zipatala za boma odwala asamalipire. Koma chaulere sichitanthauza kuti palibe wolipira. Mankhwala, malipiro a anamwino ndi mafuta a ambulansi zimachokera ku misonkho ndi ku thandizo la maiko akunja, ndipo kwa zaka zambiri thandizo lakunjalo lakhala likuposa theka la ndalama zonse za zaumoyo. M'chaka cha 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa anagwirizana ku Abuja kuti pa K100 iliyonse ya bajeti, K15 izipita ku zaumoyo, koma Malawi nthawi zambiri wakhala akulephera kufika pamenepo. Pamene dziko la America linadula gawo lalikulu la thandizo lake m'chaka cha 2025, aliyense anaona kuopsa kodalira thumba la mnzako.

Kuonjezera pa zipatala za boma, pali zipatala za mishoni zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, monga Mua kumunsi kwa mapiri a Dedza ndi Nkhoma, chimene sichili kutali ndi Chongoni. Zipatalazi zimalipiritsa. Pofuna kuti amayi oyembekezera asabwerere pakhomo chifukwa chosowa ndalama, kuyambira m'chaka cha 2006 boma linayamba kusainirana mapangano ndi zambiri mwa zipatala za CHAM, oti mayi azipita ku sikelo ndi kukachira osalipira, ndipo boma lizibweza ndalamazo. Mapanganowa anathandiza kuti amayi ambiri azichilira kuchipatala. Vuto lake ndi loti m'zaka zina boma linkachedwa kulipira, ndipo zipatala zina zinkakakamizika kuyambanso kulipiritsa.

Choncho mayi wakumudzi amalipirabe ndithu: kabaza wopita ndi wobwerera, mankhwala okagula kusitolo akatha kuchipatala, chakudya cha womudikirira, ndi tsiku lathunthu limene sanapite kumunda kapena kudoko.

Inshuwaransi ya zaumoyo n'chiyani?

Inshuwaransi ndi kusonkherana ndalama anthu akadali bwino, kuti amene wadwala athandizidwe kuchokera m'thumba la onse. Tiyerekeze kuti mabanja 100 akusonkha K1,000 pamwezi banja lililonse. Pakutha pa chaka m'thumba mukhala K1,200,000. Si onse amene adzadwale chaka chimenecho, motero ndalamazo zikhoza kukwanira ochepa amene agonekedwa m'chipatala, popanda wina kugulitsa mbuzi, khoka kapena munda. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

M'Malawi muno inshuwaransi yotere yakhala ya anthu apantchito za m'tauni. Bungwe lodziwika kwambiri ndi MASM, limene linayamba m'chaka cha 1984. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse, pafupifupi mmodzi yekha ndiye anali pa inshuwaransi.

Maiko ena anayenda njira zosiyanasiyana. Ghana inakhazikitsa lamulo la inshuwaransi ya dziko lonse m'chaka cha 2003. Rwanda inamanga yake pa magulu a m'midzi, boma n'kumalipirira osaukitsitsa. Zambia inapanga lamulo lake m'chaka cha 2018, ndipo wapantchito amadulidwa K1 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, womulemba ntchito n'kuonjezerapo chimodzimodzi. Tanzania nayo inavomereza lamulo lotere m'chaka cha 2023.

Kuno kwathu Unduna wa Zaumoyo unaunikapo nkhaniyi, ndipo chovuta chachikulu chinaoneka poyera: anthu ambiri salandira malipiro apamwezi. Mlimi wa kachewere ndi msodzi amapeza ndalama mwa nyengo, ndipo kutolera zopereka khomo ndi khomo kumadya gawo lalikulu la zimene zatoleredwazo. N'chifukwa chake ndondomeko ya boma ya kapezedwe ka ndalama za zaumoyo ya 2023 mpaka 2030 ikuyang'ananso njira zina, monga kusamala ndalama zimene zilipo kale ndi zipinda zolipira kwa ofuna m'zipatala zikuluzikulu.

M'boma la Dedza momwemo munayesedwa njira ya kumudzi. M'chaka cha 2018, bungwe la CHAM mothandizidwa ndi dziko la Germany linayambitsa thumba losonkherana la anthu ozungulira chipatala cha Kaundu, kum'mawa kwa bomali. Cholinga chinali choti anthu azisonkha pang'onopang'ono kuti asamalipire zambiri pa tsiku la matenda.

Matumba otere, kulikonse kumene ayesedwa, amakumana ndi mayeso awiri. Oyamba ndi oti anthu ena amalowa pokhapokha akadziwa kuti akudwala, ndipo akachira amasiya kusonkha. Thumba limauma msanga. Achiwiri ndi oti wosaukitsitsa, amene akufunika thandizo koposa, ndiye amalephera kusonkha, makamaka m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale. Popanda boma kapena anthu akufuna kwabwino kumulipirira, iye amatsala kunja.

Chifukwa chiyani tikutchula amayi?

Inshuwaransi zambiri zimamuona munthu akagona pa bedi la chipatala. Koma chimene chimapulumutsa amayi ambiri chimachitika iwo akuyenda bwinobwino. Chitsanzo choonekeratu ndi khansa ya khomo la chiberekero. Malawi ali m'gulu la maiko amene nthendayi yafala kwambiri pa dziko lonse. Ziwerengero za bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO za m'chaka cha 2020 zinasonyeza kuti amayi oposa 4,000 amapezeka nayo chaka chilichonse m'dziko muno, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira.

Nthendayi imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, kamene kamafala pokhalira malo amodzi mwamuna ndi mkazi. Kachiromboka n'kofala kwambiri, ndipo mayi wokhulupirika pabanja lake akhoza kukhala nako. Motero kupezeka nako si umboni wa chiwerewere. Mwa anthu ambiri thupi limakachotsa lokha. Mwa ena kamakhalitsa, n'kumasintha khomo la chiberekero mwakachetechete kwa zaka 15 mpaka 20 khansa isanaoneke. Mwa mayi amene ali ndi HIV nthawiyi imafupika, ndipo chiopsezo chake n'chochuluka kasanu ndi kamodzi. Zaka zonsezi mayi samva kupweteka kulikonse. Pamene ayamba kutaya magazi mosayembekezera kapena kutuluka madzi afungo, nthawi zambiri nthenda imakhala itapita patali.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo pakapita mphindi imodzi malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera. Boma linayamba kufalitsa njirayi m'chaka cha 2004, ndipo limalimbikitsa makamaka amayi a zaka 25 mpaka 49. Chipatala cha Nkhoma, kuyambira m'chaka cha 2013, chinatchuka poyeza ndi kuchiza tsiku lomwelo, pogwiritsa ntchito kachipangizo kotentha kamene kamapha malo odwalawo m'mphindi zochepa. Ubwino wake ndi woti mayi wochokera kutali sabwereranso kawiri, ndipo salipira kabaza kawiri.

Palinso katemera. Atayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira m'chaka cha 2013, katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu Januwale 2019, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Katemerayu satseketsa kubereka monga amanenera ena. Ntchito yake ndi kuteteza chiberekero chomwecho. M'chaka cha 2020 bungwe la WHO linaika zolinga zoti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atabayidwa, amayi 70 mwa 100 akhale atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto alandire chithandizo.

Ena mwa ife amaganiza kuti popeza amuna athu anadulidwa, akazi athu ndi otetezeka. Zoona mdulidwe umachepetsa kufala kwa kachiromboka, koma sukutchinga kotheratu. Mayi wa Chisilamu ayenera kuyezedwa monga mayi wina aliyense.

Sikelo nayo ndi njira yopewera. Kumeneko mayi amayezedwa kuthamanga kwa magazi, amalandira mankhwala oonjezera magazi ndi oteteza ku malungo, amene ndi ochuluka kuno kunyanja. Malawi anali dziko loyamba, m'chaka cha 1993, kupereka Fansidar kwa amayi oyembekezera pofuna kupewa malungo. Imfa za uchembere zinatsika kuchoka pa amayi 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo m'kafukufuku wa 2004, kufika pa 439 m'kafukufuku wa 2015 mpaka 2016.

Tsono taonani kugwirizana kwake. Viniga ndi mphindi zochepa za namwino n'zotsika mtengo. Opaleshoni, mankhwala a khansa ndi miyezi yogona ku Kamuzu Central n'zodula kwambiri, ndipo mayi mmodzi wodwala chotere akhoza kumaliza thumba la mudzi wonse. Thumba limene sililabadira zopewera limadzikumbira lokha dzenje.

Kodi chipembedzo chikutinji?

Asilamu ambiri amafunsa ngati inshuwaransi ndi yololedwa. Mu Disembala 1985, bwalo la maulama a malamulo a Chisilamu lochokera m'maiko osiyanasiyana linakumana ku Jeddah ndipo linasiyanitsa mitundu iwiri. Linakana inshuwaransi ya malonda chifukwa cha kusadziwika kwa chimene munthu akugula, koma linavomereza yothandizana, imene aliyense amapereka ngati mphatso ku thumba la onse. Mtundu umenewu umatchedwa takaful. Kampani yoyamba yotere inatsegulidwa ku Sudan m'chaka cha 1979, ndipo Malaysia inapanga lamulo lake m'chaka cha 1984. Thumba la pamudzi kapena pamzikiti likhoza kuyendetsedwa motere, bola ndalama zake zisabwereketsedwe pa chiongoladzanja. Pa mafunso a mwatsatanetsatane, funsani masheikh anu.

Funso lina ndi la manyazi. Manyazi ndi khalidwe labwino, ndipo mayi akhoza kupempha mwaulemu kuti amuyeze namwino wamkazi, kapena kulowa ndi mayi mnzake. Koma thupi ndi chinthu chimene Allah anatisungitsa, ndipo kufuna mankhwala sikutsutsana ndi kuyedzamira mwa Iye. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tichitepo chiyani?

Choyamba, tisadikire lamulo la inshuwaransi. Kuyeza khomo la chiberekero, katemera wa atsikana ndi sikelo n'zaulere m'zipatala za boma. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu masiku amene amayeza.

Chachiwiri, abambo, udindo ndi wanu. Amayi ambiri salephera chifukwa chosafuna, koma chifukwa chosowa chilolezo ndi ndalama yoyendera. Nsomba zikagwidwa bwino, patulani ya ulendo wa kuchipatala musanagule china.

Chachitatu, magulu a amayi a pamzikiti ndi a banki mkhonde akhale ndi kathumba kapadera ka ulendo wokayezetsa, ndipo azipita pagulu. Sadaka yathu ilipirire amasiye ndi okalamba amene sangathe kusonkha.

Chachinayi, wina akabwera ndi ndondomeko ya inshuwaransi, kaya ndi boma, bungwe kapena kampani, mufunseni bwinobwino musanapereke ndalama. Kodi kuyezetsa munthu asanadwale kulimo? Wosauka amulipirira ndani? Ndalama asunga ndani, ndipo adzawerengera pamaso pa ndani? Kodi zimene zili zaulere lero zikhalabe zaulere? Safunsa anadya phula.

Mayi akagwa, si iye yekha amene wagwa: mwana amasiya sukulu ndi madrasa, munda umamera tchire, ndipo pakhomo pamazizira. Lachisanu likudzali, tisanafike ku Jumu'ah, aliyense afunse kunyumba kwake kuti mayi, mkazi kapena mlongo wake anayezedwa liti komaliza, ndipo ngati sanayezedwepo, apangane tsiku.

Allah atipatse thanzi ndi kuchiritsa odwala athu. Ameen.