Mkristu Wogwa Asasanduke Mchona

Inu a kwathu okhala ku Wadzanai, pafupi ndi mgodi wa golide wa Shamva, kum'mawa kwa Bindura, lero tikambe za munthu amene anayamba bwino ulendo wa Cikristu, nagwa panjira, ndipo tsopano aganiza kuti kwa iye zonse zinatha.

Mau akuti mchona muwadziwa. Makolo a ambiri a inu anacoka ku Nyasaland, ena ku Tete, nayenda pansi masabata ambiri, naoloka Zambezi kudzafuna nchito ya kumigodi. Anali ocuruka ndithu, kotero kuti pamene anchito a ku Shamva ananyanyala nchito m'caka ca 1927, ambiri a iwo anali a ku Nyasaland. Yense pocoka pamudzi anati, Zaka ziwiri zokha, ndibwera ndi njinga ndi mabulangete. Koma ena sanabwere konse. Tikafunsitsa cimene cinawamanga, sitipeza kawirikawiri kuti anadana nako kwao. Anamangidwa ndi manyazi. Caka coyamba ndalama zinathera kumowa ndi kujuga, munthu nati, Ndilemba bwanji kalata yopanda kanthu m'kati? Caka cacitatu anali atatenga mkazi wina, wa kumudzi ali ciyembekezere. Pofika caka cakhumi, njira ya kwao inali itamera udzu mumtima mwace.

Ucona wotere uliponso m'mpingo. Anthu a ku Nyasaland ogwira nchito m'dziko lino anapempha okha kuti awatumizire mbusa wodziwa cinenero cao, ndipo m'caka ca 1912 mbusa T. C. B. Vlok, amene anayamba nchito ya ku Mvera pamodzi ndi A. C. Murray mu 1889, anadzakhala ku Salisbury, kumene lero tichula Harare. Mipingo imene inakula m'nchito imeneyo inakhala Sinodi payokha ya C.C.A.P. mu 1965. Mwambo wa mipingo yotere ndi uwu: Mkristu akagwa m'chimo loonekera, monga cigololo, kuledzera, kapena mitala, akulu a mpingo amuitana, ndipo mlandu ukatsimikizika amletsa kudya Mgonero kwa nthawi. Anthu amati wadulidwa. Ine ndiona kuti mau amenewa anasokeretsa ambiri, pakuti nthambi yodulidwa imauma, osabwereranso kumtengo. Koma colinga ca mwambowo ndi kubweza munthu. Ayenera kumafikabe kumapemphero, kulangizidwa, ndipo akaonetsa kulapa abwezedwe pamalo pace. Tsono ambiri amangomva gawo loyamba lokha. Sabata loyamba acita manyazi kulowa m'nyumba ya Mulungu, mwezi utha, caka citha, ndipo dzina lace lingotsala m'buku la mlembi.

Buku Lopatulika litionetsa anthu awiri amene anacimwira Ambuye usiku umodzi womwewo. Yudase anampereka, Petro anamkana katatu. Onse awiri anamva cisoni cacikuru. Koma Yudase anapita naco yekha cisoni cace, nadzipha. Petro anakhalabe pakati pa anzace amene anadziwa bwino zimene anacita. M'mutu 21 wa Yohane tiwerenga kuti Ambuye anamfunsa katatu za cikondi cace, ndipo nthawi zonse zitatu anampatsa nchito yoweta. Taonani, sanampatse mpando wa kumbuyo kuti azilirapo moyo wace wonse. Anampatsa nchito. Momwemonso Yohane Marko, amene anasiya Paulo ndi Barnaba pakati pa ulendo ku Pamfuliya, kotero kuti Paulo anakana kumtenganso. Koma m'kalata waciwiri wa kwa Timoteo, Paulo yemweyo apempha kuti abwere naye Marko cifukwa amthandiza pa utumiki.

Wina adzati, Ine ndinalapa kale, ndinagwanso kawiri. Kodi kulapa kwanga kunali koona? Apa ndi pamene tiyenera kumvetsa kuti kukula kwa mzimu kumacedwa. John Newton wa ku England anayamba kufuna Mulungu mu 1748, pamene combo cace cinatsala pang'ono kumira ndi namondwe. Komatu atatero anagwirabe nchito pa zombo zonyamula akapolo kucokera ku Africa, nadzakhala mkuru wa zombo zotere kufikira 1754, ndipo cimene cinamcotsa panyanja ndi matenda. Anadzozedwa ubusa mu 1764, nakatumikira ku Olney. Ndi mu 1788 pamene analemba poyera kutsutsa malonda a akapolo ndi kubvomera manyazi ace pa zimene anacita. Werengani nokha: zaka 40 kucokera tsiku la namondwe. Sindinena izi kuti ndimkometse, pakuti anthu amene anawanyamula m'maunyolo sanabwezedwe kwao cifukwa ca kulapa kwace. Ndingofuna muone kuti maso a munthu satseguka onse tsiku limodzi. Inu a kumgodi mudziwa kuti mwala woturuka pansi sunyezimira. Ausweratu m'cigayo, nausefa kawiri kawiri, ndipo m'tani yathunthu muturuka magalamu owerengeka okha a golide. Palibe amataya mwalawo cifukwa cakuti unaturuka wakuda.

Tsono kubwera kuli ndi mtengo wace, ndipo ndingakunamizeni ndikabisa. Akuru anati madzi akatayika saoleka. Mwana amene anakula wopanda atate wace sangakhalenso khanda kuti mumlere. Koma zilipo zimene zingakonzeke, ndipo wolapa ayambire pamenepo. Ngongole ya mnzanu wa m'komboni ibwezeni, ngakhale pang'ono pang'ono pa malipiro a mwezi. Amene munamnenera bodza mupite kwa iye ndi mapazi anu. Nkhani ya mabanja awiri njobvuta koposa zonse, ndipo musaiweruze nokha usiku umodzi. Mupite nayo kwa abusa ndi ankhoswe, pokumbukira kuti ana a mbali zonse ziwiri sanalakwe kanthu ndipo ayenera kudya.

Ndiri nao mau kwa inunso, akulu a mpingo ndi amai a Cigwirizano. Munthu wobwezedwa amaona msanga ngati mwamlandira ndi pakamwa pokha. Zaka zisanu zitapita, dzina lace likachulidwa pofuna woyang'anira kwaya kapena wophunzitsa ana, wina anong'oneza, Si uja kodi? Mukatero mwamdula kaciwiri popanda bwalo. Tsegulani buku la mlembi sabata lino, muwerenge maina a amene analetsedwa Mgonero osaonekanso, ndipo mugawane makomo ao awiri awiri. Ambiri a iwo sali kutali. Muwapeza mumizere yomweyo ya nyumba za ku Wadzanai imene mupitamo Lamulungu liri lonse popita kukapemphera.