Mphamvu za Pulezidenti ndi Kutha kwa Ukapolo ku America

Pa 1 Januwale 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, Pulezidenti Abraham Lincoln analengeza kuti akapolo a m'zigawo zopanduka ndi mfulu. Anatero monga mkulu wa asilikali, pakuti malamulo aakulu a dziko sanampatse mphamvu yothetsa ukapolo pa nthawi ya mtendere. Motero akapolo a ku Kentucky ndi Delaware, zigawo zimene sizinapanduke, anakhalabe m'goli.

Ukapolo unathetsedwa m'dziko lonse mu Disembala 1865, pamene zigawo zinavomereza kusintha kwa nambala 13 kwa malamulowo. Komabe kusinthako kunalola ntchito yokakamiza monga chilango cha opezeka olakwa, ndipo zigawo za kummwera zinabwereketsa akaidi akuda ambirimbiri kwa eni minda ndi migodi. Mawu olola zimenezi akalimo m'malamulowo kufikira lero.