Alimi ndi ogula mpunga, rimoti ya galimoto si yobisa pa tayala

Magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe m'boma la Karonga. Ena mwa magalimotowa amathera m'manja mwa alimi ndi ogula mbewu a m'boma lomweli, ndipo ambiri sakhala ndi kiyi wopotokola. Amalira ndi batani, mwini wake ali ndi karimoti m'thumba. Luso limeneli lidayamba kuoneka m'magalimoto odula a ku Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma lero lafika ngakhale m'timagalimoto ting'onoting'ono ta Toyota, Nissan ndi Honda.

Vuto ndi lakuti ntchito ya mlimi ndi ya m'madzi ndi m'matope. Munthu akapita kukaokera mpunga ku sikimu ya Hara, Wovwe kapena Lufilya, ngakhale kukagula usipa ku Ngara, galimoto imatsala kumsewu kwa maola angapo. Nanga rimoti aisunge kuti?

Kale madalaivala ankabisa kiyi pamwamba pa tayala kapena pansi pa mwala pafupi ndi galimoto. Ndi rimoti, kutero ndi kupereka galimoto kwa wodutsa aliyense. Chifukwa chake ndi ichi. Galimoto ndi rimoti zimamvana kudzera m'mafunde a wailesi. Munthu akagwira chogwirira chitseko, galimoto imaitana rimoti yake, ndipo ikakhala pamtunda wa mita imodzi kapena kucheperapo, imayankha, chitseko n'kutseguka. Galimoto sidziwa nkhope ya mwini wake, imangodziwa rimoti. Tsono rimoti ikakhala pa tayala, wakuba safunika kuifufuza kuti atsegule. Akangolowa, matumba, sikelo ndi ndalama zogulira mpunga zapita, ndipo akaipeza rimotiyo, galimoto nayo yapita.

Kuisiya m'kati nakonso n'koopsa. Magalimoto ambiri amakana kukhoma akamva kuti rimoti ili m'kati, amangolira kabelu. Wothamangira kumunda atha kuyesa kuti wakhoma chikhalirecho zitseko zili zosakhoma, ndipo aliyense woponda buleki ndi kudina batani ailiza.

Dziwaninso kuti injini ikalira, siima ngakhale rimoti itachoka. Ngati bambo atsikira kumunda rimoti ili m'thumba, mwana n'kupitirira ndi galimoto kukagayitsa mpunga ku Karonga boma, galimoto iyenda bwinobwino. Koma akakangoizimitsa kuchigayo, sidzaliranso kufikira rimoti itabwera. Choncho musanasiyane, funsanani kuti rimoti ili ndi yani.

Malo abwino a rimoti ndi pathupi panu, koma itetezedwe ku madzi. Marimoti ambiri amapirira madontho a mvula, osati kumizidwa. Ikulungeni m'timapepala tiwiri ta pulasitiki tosabooka ndi kumanga ndi mphira, kapena iikeni m'kabotolo kouma kokhala ndi chitsekerero cholimba. Mangirirani chingwe, muvale m'khosi m'kati mwa malaya. Thumba la buluku ndi la malaya si lodalirika, pakuti mukawerama pookera kapena popalira, rimoti imagwera m'matope, ndipo ya mtundu wakuda siioneka msanga. Amayi musaimangirire pa nsonga ya chitenje popanda pulasitiki.

Ngati mukukwera bwato kapena kulowa m'madzi akuya, pali njira ina. M'kati mwa rimoti mumakhala kakiyi kachitsulo, kamene kamatuluka mukakankha kabatani ka pambali kapena kumbuyo. Chotsani kakiyiko, kulungani rimoti m'pepala la aluminiyamu mosanjikiza kangapo, kapena iikeni m'chitini chotseka bwino, ndipo muibise m'galimoto. Chitsulo chimatchinga mafunde aja. Yesani kaye kudina batani loyatsira injini. Ikalira, ndiye kuti simunakulunge mokwanira. Ikakana, khomani ndi kakiyi kachitsulo, onetsetsani kuti zitseko zonse zakhomeka, n'kutenga kakiyiko, popeza iko sikaopa madzi. Njirayi muiyesere kunyumba poyamba, osati kunyanja.

Mukakhoma ndi rimoti, musachoke musanaone nyali za m'mbali zikuphethira. Ku South Africa akuba amagwiritsa ntchito timakina tosokoneza mafunde kuti galimoto isakhomeke mwini wake akadina, ndipo ku Britain ena amakoka mafunde a rimoti ili m'nyumba kufikitsa pa galimoto ili panja. Nzeru za akuba sizichedwa kuoloka malire. Poyesa ngati mwakhomadi, kokani chitseko cha kumbuyo, chifukwa pa magalimoto ambiri chakutsogolo chimadzitsegukira chikamva rimoti m'thumba mwanu. Usiku musapachike rimoti pa zenera loyandikana ndi pamene galimoto imagona.

Rimoti ikagwera m'madzi, musaidine. Itsegulireni ndi kuchotsa batire msanga, chotsani matope mosamala, pukutani ndi kansalu kofewa, ndi kuiyanika pamthunzi podutsa mphepo kwa tsiku limodzi kapena awiri musanaike batire latsopano. Ena amaikwirira mu mpunga. Mpunga sukoka madzi a m'kati kuposa mphepo, ndipo fumbi lake limalowa m'mabatani. Musaiyanike pa dzuwa kapena pafupi ndi moto. Kutentha kwa ku Karonga m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumaononga batire ndi pulasitiki, kotero rimoti isamasiyidwenso padzuwa kuseri kwa galasi la kutsogolo.

Batire la rimoti ndi kandalama kosalala ka mavoti 3. Nambala yake, monga CR2032 kapena CR1632, imalembedwa pamwamba pake. Limatha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, choncho gulani lapadera nyengo yogula mpunga isanafike. Likathera kumunda musataye mtima. Tsegulani chitseko ndi kakiyi kachitsulo, pondani buleki, gunditsani rimoti pa batani loyatsira, kenaka dinani. Magalimoto ambiri amalira motero.

Pomaliza, magalimoto ambiri olowa pa Songwe amabwera ndi rimoti imodzi yokha. Kupangitsa yachiwiri pamene yoyamba ilipo n'kosavuta kusiyana ndi kuyamba zonse zitatayika, chifukwa pamenepo pamafunika mmisiri wa makina a kompyuta, mwinanso kukoka galimoto mtunda wautali. Mukagulitsa mpunga chaka chino, patulani ndalama ya rimoti yachiwiri, ndipo izikhala kunyumba. Galimoto yoima sabata yathunthu pa nthawi yokolola imadyetsa mlimi phindu la dzinja lonse.