Pamene kukhumudwa kwasanduka matenda

Chisoni chimagwera aliyense. Maliro akagwa, mbewu zikapsa ndi dzuwa, kapena ngongole ya ku banki m'khonde ikavuta kubweza, mtima umasweka, koma pakapita masiku munthu amayambanso kudya, kucheza ndi kupita kumunda. Matenda okhumudwa, omwe pa Chingerezi amati depression, ndi osiyana ndi chisoni chotere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matendawa.

Kuchipatala matendawa sayezedwa ndi magazi ngati malungo. Dokotala kapena namwino amawapeza pofunsa ndi kumvetsera. Choyamba amafuna kudziwa ngati munthuyo wakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, kapena wasiya kusangalala ndi zomwe ankazikonda, kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Kenako amafunsa za tulo, chilakolako cha chakudya, kufooka, kulephera kuika maganizo pa ntchito, kudziona wachabechabe, ndiponso maganizo ofuna kudzipha. M'zipatala zina amagwiritsa ntchito fomu ya mafunso 9 yotchedwa PHQ-9. Chofunikanso ndi kuona ngati vutoli lasokoneza moyo wa tsiku ndi tsiku: mayi wasiya kuphika ndi kusamba, bambo sakugwiranso khasu, mwana wasiya sukulu.

Apa pali povuta. Odwala ambiri akafika pamaso pa dokotala sanena kuti akhumudwa. Amadandaula mutu, kuphwanya kwa thupi, kugunda kwa mtima kapena "kuganiza kwambiri". Amayezedwa malungo, osapezeka, napatsidwa panado, ndipo mwezi wotsatira amabweranso ndi dandaulo lomwelo. Buku la kuchipatala limadzaza, matenda enieni osadziwika. N'chifukwa chake wodwala ayenera kufotokoza za mumtima momwe, osati za thupi zokha, ndipo ndi bwino kupita ndi wachibale amene waona kusinthako.

Dokotala amayang'ananso zina zomwe zimafanana ndi matendawa, monga kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, kumwa mowa kwambiri kapena mphamvu ya mankhwala ena omwe munthu akumwa kale. Amafunsanso ngati wodwalayo anakhalapo ndi nyengo yosangalala mopitirira muyeso, wosagona, wolankhula osaleka, chifukwa amenewo ndi matenda ena ofuna mankhwala ena. Amayi amene angobereka kumene ali pachiopsezo, ndipo n'zachisoni kuti ambiri amangotchedwa aulesi kapena osakonda mwana.

Thandizo limayambira pafupi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena chipatala chaching'ono atha kutumiza wodwala ku chipatala cha boma, kumene kumakhala ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo. Odwala kwambiri ndi amene amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma ambiri amachira akugona kwawo. Ena amathandizidwa ndi uphungu wokha, ena amapatsidwanso mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine. Mankhwalawa sagwira ntchito tsiku lomwelo: pamatenga masabata awiri mpaka anayi kuti munthu ayambe kupeza bwino, ndipo amapitirizidwa kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo ngakhale wachira. Kusiyira panjira kumabwezeretsa matenda. Mapemphero ndi chilimbikitso cha kumpingo kapena kumzikiti zili ndi malo ake, koma zisachedwetse ulendo wa kuchipatala.

Munthu akayamba kunena kuti kuli bwino atangofa, kapena kugawa katundu wake ndi kutsanzika mosadziwika bwino, achibale asadikire tsiku la kiliniki. Asamusiye yekha, achotse pafupi naye zingwe, mankhwala ophera makoswe ndi othira m'munda, asunge okha mapiritsi ake, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.