Tiyeni Tikawongole Miyendo pa Gombe la Chembe

Ife a m'mbali mwa nyanja timaitenga nyanja ngati munda. Ndiko kumachokera usipa wa ndiwo, ndiko amayi amatsukira mbale ndi kuchapira, ndiko bwato la bambo limakocheza m'mamawa. Koma kuyenda pa gombe wopanda dengu pamutu kapena khoka paphewa, kungoyenda basi ndi ana kuti maso aone, ambiri a ife timati ndi za azungu. Chonsecho alendowo amalipira ndalama zankhaninkhani pa ndege kuti adzaponde mchenga umene ife timaudutsa osauyang'ana n'komwe, pamene akuluakulu athu ena, omwe achipatala anawalangiza kuti aziyendako chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amangokhala pakhonde tsiku lonse.

M'kope lino, awerengi athu, tikutengerani ku Chembe m'boma la Mangochi, malo amene pa mapu analembedwa kuti Cape Maclear. Tasankha kumeneko chifukwa kuli tinjira tosavuta timene agogo ndi mdzukulu wawo angathe kuyenda limodzi.

Mukachoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay, mutatsala pang'ono kufika, pali msewu wokhotera kumanzere. Msewuwo umakhotakhota m'mapiri kwa makilomita pafupifupi 18 mpaka kukatulukira kunyanja. M'njiramo pemphani woyendetsa galimoto aime pa Mwalawamphini. Ndi chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yozama ngati mphini zimene makolo athu ankatema. Ana adzakufunsani kuti anatema ndani. Auzeni kuti palibe munthu anagwirapo mpeni. Ndi ming'alu imene dzuwa ndi mvula zinakulitsa pa zaka zosawerengeka.

Mapiri onsewa pamodzi ndi zilumba zoyandikira ali m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene boma linakhazikitsa m'chaka cha 1980. Mu 1984 bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha nsomba zake. Midzi ya asodzi monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo inatsala m'katikati mwake, ndipo waukulu pa yonseyi ndi Chembe.

Pa mchenga

Ulendo wosavuta kuposa yonse ndi wa pa gombe lenilenilo. Mchenga wa ku Chembe ndi wautali makilomita angapo, wopanda chitunda, ndipo sulira khobidi ngakhale limodzi. Kutsogolo kwanu kumakhala chilumba cha Thumbi, ndipo chakumanja kuli chilumba chachikulu cha Domwe, chimene chinalekana ndi mtunda ndi kampata kakang'ono ka madzi kotchedwa Ilala Gap.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere. Apo ndi pamene asodzi a chilimira amakocheza, amalonda atawadikira ndi mabeseni, ndipo usipa ukuyanikidwa pa matandala. Kwa ife izi si zachilendo ayi, koma mwana wokulira m'tauni ya Mangochi kapena ya Salima mwina sanaonepo m'mene usipa umachokera m'madzi kufika pa msika. Muloleni aime, aone, afunse.

Komabe kumbukirani kuti gombe limeneli ndi bwalo la eni ake. Perekani moni. Musalumphe kapena kuponda makoka oyanikidwa. Ukonde ndi chuma cha banja lonse ndipo kusoka pong'ambika kumadya tsiku. Pa madooko ena pamasamba amayi, pa ena abambo, tsono mukayandikira potero ndi bwino kupatukira kumtunda ndi kudzera m'njira ya m'mudzi. Zimenezi sitiphunzitsa munthu wa kunyanja, tangokumbutsa anyamata athu amene masiku ano amathamangira kujambula chilichonse ndi foni osapempha.

Agogo ayende pa mchenga wolimba, chakumtunda pang'ono kwa pamene mafunde amalekezera. Mchenga wouma wotitimira umatopetsa mawondo msanga. Ndipo aliyense avale nsapato, chifukwa mbedza zakale, minga ya nsomba ndi mabotolo osweka sizisowa.

Ku Otter Point

Mukatsata gombe chakumanzere mpaka nyumba zitatha, mufika pa chipata cha paki. Pamenepo pamalipiridwa, koma Amalawi amalipira ndalama yochepa poyerekeza ndi alendo akunja, choncho tengani chitupa chanu cha unzika. Kuchokera pa chipata, kanjira kodutsa pansi pa mitengo ndi milambe kamakafika ku Otter Point, ndipo ngakhale woyenda mwachifatse satha theka la ola. Dzinali linachokera ku akatumbu, ngakhale kuti kuwaona kumafuna mwayi. Anyani ndiye simungawaphonye. Musawaponyere chakudya, ndipo mwana asanyamule nthochi kapena chigumu poonekera, chifukwa nyani wozolowera anthu amachita kulanda m'manja.

Kumapeto kwa kanjirako mchenga umatha ndipo pamayamba miyala ikuluikulu yolowa m'madzi. Khalani pa mwala, mudekhe, muyang'ane pansi. Madzi ake ndi oyera ngati a m'tambula, ndipo m'menemo mumasambira timbuna tobiriwira, tachikasu, tamizeremizere, tikudomola ndere pa miyala. Msodzi sawerengera mbuna chifukwa pa msika ilibe mtengo, komatu ndi iyo inatchukitsa malo ano. Nyanja yathu ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za banja limeneli, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mbuna sikonda kuchoka pa miyala yake, siwoloka pa mchenga kapena pa madzi akuya, n'chifukwa chake za pa chilumba china zimasiyana mtundu ndi za pa chilumba chinzake ngakhale zilumbazo zikuonana. Yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa monga achitira chambo. Pofuna kuziteteza, lamulo limaletsa kuwedza kapena kuponya ukonde m'madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa mtunda ndi zilumba za paki. Mukamva kulira kwakuthwa kumwamba, kwezani maso; ndi nkhwazi imeneyo.

Miyala yonyowa imaterera, ndipo pena madzi amazama mwadzidzidzi. Mwana wamng'ono akhale pafupi ndi dzanja la munthu wamkulu nthawi zonse.

Pobwerera, chapafupi ndi chipata m'munsi mwa phiri, pali manda akale ozunguliridwa ndi mitengo. Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, m'gulu lawo muli Dr Robert Laws, anafika pano pa sitima yotchedwa Ilala namanga mishoni yoyamba ya Livingstonia. Malungo sanawalole kukhazikika. Dr William Black anamwalira mu 1877, ena anatsatira, ndipo mu 1881 mishoniyo inasamukira ku Bandawe, kenaka ku Khondowe mu 1894. Ana a sukulu amawerenga zimenezi m'mabuku, koma kuima pa mandawo kumawakhazikitsa zinthu m'mutu kuposa choko. Udzudzu wa ku Chembe sunasamuke nawo amishoniwo, tsono amene mukagone kumeneko musaiwale neti.

Kuseri kwa mandawo kuli njira yokwera phiri, imene imakafika pamalo poonekera mudzi wonse ndi zilumba zake. Iyi si ya agogo. Ndi ya achinyamata a mphamvu, ndipo apite ndi munthu wodziwa njira, madzi akumwa ali m'manja.

Za likodzo

Apa tifuna tilankhule mosabisa, chifukwa ulendo wabwino ungathe kubweretsa matenda pakhomo. Ku Chembe, monganso m'madooko ambiri a kummwera kwa nyanja, kuli likodzo. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo amaswa ndi kulowa mu nkhono zazing'ono. M'nkhonomo timachulukana, kenaka timatuluka ndi kuboola khungu la aliyense amene waviika thupi m'madzimo, iye osamva kanthu. Ambiri timaganiza kuti nkhonozi zimakhala m'bango mokha. Ofufuza anapeza kuti ku Chembe kuli mtundu wina umene umakhala pa mchenga poyera, ndipo anaona kuti nkhonozi zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono. Choncho kuyera kwa madzi si umboni woti mulibe matenda.

Pa ulendo wa tsiku limodzi n'zotheka kusalowa m'madzi n'komwe. Madzi a wudhu ndi osambitsira ana tungani pa mjigo kapena pa mpopi. Ngati palibe kuchitira mwina koma a m'nyanja, aphitseni kaye, kapena akhale m'ndowa masiku awiri, popeza tizilomboti sitikhala moyo nthawi yaitali tikasowa munthu. Koma tikudziwa kuti kuletsa mwana kusambira ndi ntchito yaikulu. Ngati asambira, pakapita miyezi iwiri pitani naye kuchipatala ngakhale mkodzo wake ulibe magazi, mukawafotokozere. Mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa molingana ndi msinkhu kapena kulemera kwa munthu, ndipo amamwedwa munthu atadya. Kumwa tsiku lomwelo sikuthandiza kwenikweni, chifukwa sapha tizilombo tisanakhwime. Mwana wokodza magazi sanakule ayi monga ena amanenera. Akudwala, ndipo likodzo losiyidwa limawononga chikhodzodzo ndi impso.

Pewaninso mathiriro a mitsinje ndi malo a bango, makamaka madzulo, chifukwa ndi kwawo kwa ng'ona ndi mvuu.

Nyengo yabwino yoyenda ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mwera umawomba miyezi imeneyi, koma mapiri amatchinjiriza gombe la Chembe kotero kuti mafunde sakula monga kumalo kwina. Mu Okutobala mchenga umatentha moti ndi nthawi ya 10 koloko mwana sangapondepo. Dziwaninso kuti nyanja imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, mvula itangotha, ndipo gombe limachepa. Mu 2024 madzi anakwera modabwitsa mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, tsono funsani kaye eni mudzi ngati gombe lonse likupitika.

Amene muli ndi galimoto yanu kapena pogona, dikirani madzulo. Gombe la Chembe linayang'ana chakumadzulo, motero dzuwa limalowera kutsidya kwa madzi, chinthu chimene a ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota sachiona kwawo, popeza iwo amaliona likutuluka. Mdima ukangoyamba, nyali za asodzi a usipa zimayaka imodziimodzi kuseri kwa Thumbi. Enanu okwera matola mupanganiretu ndi woyendetsa nthawi yobwerera, chifukwa msewu wa m'mapiriwo si woyenda pansi usiku ndi ana.