Phulusa ndi dothi zichepetsa mtengo wa chimbudzi

Mvula ikalimbika, mabanja ambiri m'maboma a m'malire amagona ndi nkhawa ya chimbudzi. Dzenje likadzadza limasefukira, zonyansa nkumayenderera pabwalo mpaka kukalowa m'chitsime. Mliri wa kolera umene unabuka m'chigawo cha Niassa m'chaka cha 2022 ndi kufalikira m'zigawo zina m'chaka cha 2023 unakumbutsa anthu kuti nkhani imeneyi si yochita nayo manyazi ai.

M'mizinda ikuluikulu monga Maputo ndi Beira, chimbudzi chikadzadza, anthu opeza bwino amaitana galimoto ya thanki kuti idzapope. Galimotoyo imamwa dizilo, mwini nyumba amalipira ndalama zambiri, ndipo matope opopedwawo amafunika malo apadera okawatayako. Kumudzi galimoto yotereyi sifika. Bambo amangokumba dzenje lina lakuya, nagulanso mitengo ndi udzu, lakale lija nkulisiya.

Palinso vuto lina losaoneka ndi maso. Zonyansa zikamaola m'dzenje lamadzi, momwe mphepo silowa, zimatulutsa mpweya wotchedwa methane. Akatswiri a za nyengo anapeza kuti pa zaka 100 mpweya umenewu umatenthetsa dziko pafupifupi ka 28 kuposa mpweya wa kaboni umene umatuluka mu utsi wa galimoto. Mipweya yotereyi ndiyo ikusokoneza nyengo, mvula nkumabwera mochedwa kapena mwaukali. Dzenje louma limatulutsa methane wochepa.

Apa ndi pamene pagona nzeru ya chimbudzi chotchedwa Fossa Alterna, chimene anachiyambitsa a Peter Morgan, katswiri wa za ukhondo wa ku Harare m'dziko la Zimbabwe. Banja limakumba maenje awiri osaya, lililonse lakuya pafupifupi mita imodzi ndi theka. Pansi pa dzenje loyamba amayalapo masamba ouma. Munthu akatha kudzithandiza amathiramo kapu ya dothi louma losakaniza ndi phulusa la kukhitchini. Phulusalo limaumitsa zonyansa, limachepetsa fungo ndi kuthamangitsa ntchentche.

Pakatha chaka dzenje loyamba limakhala pafupi kudzadza. Amalikwirira ndi dothi, nasamutsira silabu ndi kanyumba pa dzenje lachiwiri. Pofika nthawi imene lachiwirilo likudzadza, za m'dzenje loyamba zimakhala zitasanduka dothi lakuda lopanda fungo. Amafukula ndi fosholo, dzenje nkuyambanso ntchito. Sipafunika galimoto, dizilo kapena kukumba kwina.

Njirayi si yachilendo kuno. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Estamos mothandizana ndi la WaterAid linaifikitsa ku Lichinga ndi ku Mandimba. Mtsogoleri wa Estamos, a Feliciano dos Santos, amenenso ndi woimba wa gulu la Massukos, anagwiritsa ntchito nyimbo pophunzitsa anthu kusamba m'manja ndi kusamala chimbudzi. M'chaka cha 2008 analandira mphotho ya Goldman, yoperekedwa kwa anthu oteteza chilengedwe, chifukwa cha ntchito imeneyi.

Kwa mlimi phindu lili poyera. Thumba la feteleza limadula, pamene manyowa a m'dzenje ndi aulere. Amene sakufuna kufukula angathe kukumba dzenje limodzi losaya, likadzadza nkulikwirira ndi kubzalapo nthochi, papaya kapena mango, chimbudzi nkusamukira pena.

Komabe pali malamulo oyenera kutsata. Dzenje lisafukulidwe chaka chathunthu chisanathe, chifukwa mazira a njoka za m'mimba amachedwa kufa. Manyowawo ndi bwino kuwakwirira m'nthaka pobzala mitengo kapena chimanga, osati kuwawaza pa ndiwo zodya zosaphika. M'dzenjemo musatayidwe mapulasitiki, mabotolo, nsanza kapena madzi osamba. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30, ndipo m'mphepete mwa dzenje mukwezedwe kuti madzi a mvula asalowe. Wofukula asambe m'manja ndi sopo kapena phulusa.

Nthawi yabwino yokumba ndi m'chilimwe, nthaka ili youma. Banja lofuna kuyamba likaonane ndi alangizi a za umoyo a kuchipatala chapafupi mvula isanagwe, ndipo kuyambira lero phulusa la pamoto lisatayidwenso kudzala.