Dzina la Patel linayanga ngati mbatata

Mukamayenda ku Limbe, kapena ku Kamwala mumzinda wa Lusaka, n'kumawerenga zikwangwani za mashopu, dzina la Patel simungalephere kuliona. Lili pa shopu ya nsalu, lili pa hadiweya, lilinso pa chitseko cha dokotala. Amene anafikako ku Leicester kapena ku Wembley amanena kuti ku Britain n'chimodzimodzi, ndipo ku America dzinali limapezeka pa mahotela a m'mbali mwa misewu ikuluikulu. Ambirife tinangogamula kuti limeneli ndi banja limodzi lachuma, abale okhaokha. Si choncho ayi. A Patel awiri angakumane osadziwana, wina Mhindu wina Msilamu, magazi awo osakhudzana n'komwe.

Kuti timvetse bwino, tiganizire mbewu ya mbatata. Mbatata sitidzala njere. Munthu amapita kwa mnzake amene anasunga mbewu kudimba, amudulirako mtolo, iye n'kukawoka pa mitumbira yake. Ikagwira imayanga, ndipo paliponse pamene mfundo yakhudza dothi pamatuluka mizu. Chaka chamawa wina amabwera kudzapempha kwa iyeyo, nayenso n'kudzagawira mlamu wake wa kutsidya kwa mtsinje. Pakatha zaka khumi mbewu ija imakhala ili m'midzi imene mwini dimba sanapondemo phazi. Umu ndi mmene dzina la Patel linayendera: lochita kupatsirana pamanja, wofika kale kuitana wotsala.

Kwawo kwa dzinali ndi ku Gujarat, chigawo cha kumadzulo kwa India chimene chinayang'anizana ndi nyanja. Poyamba silinali dzina la mtundu. Unali udindo. Patel anali nyakwawa ya mudzi, munthu amene mafumu aakulu ankamudalira kuti atolere msonkho wa minda, asunge bata, aweruze timilandu ta m'malire, ndipo nthawi zambiri ankapatsidwa munda wosakhomera msonkho ngati malipiro ake. Maufumu ankasinthana, a Mughal, a Maratha, kenako Angerezi, koma aliyense wa iwowa ankafuna munthu wa pamudzi pomwepo wodziwa kuti munda uwu ndi wa yani ndipo wakolola zingati. Ku Maharashtra, chigawo choyandikana nacho, udindo womwewu umatchedwa Patil, ndipo nawonso unasanduka dzina la mabanja.

Mudzi uliwonse unali ndi patel wake, ndiye madimba oyambira mbewuyi anali ambirimbiri. Apa m'pamene pagona yankho la funso loti n'chifukwa chiyani a Patel si pachibale onse. Ambiri mwa iwo anachokera m'gulu la alimi lotchedwa Kanbi, lomwe lili ndi nthambi ziwiri zazikulu, a Leva ndi a Kadva. M'midzi ina mabanja a eni nthaka ankagawana udindo wolipira msonkho wa mudzi wonse, banja lililonse ndi gawo lake, ndipo ankatchedwa Patidar, kutanthauza eni gawo. Dzinali linali laulemu, moti alimi ena atayamba kupeza bwino nawonso analitenga, mpaka pa kalembera wa mu 1931 boma la Angerezi linalemba gululi monga Patidar. Sukulu, makhoti ndi mapasipoti zitayamba kufuna kuti munthu aliyense akhale ndi dzina lomaliza, anthu miyandamiyanda analembetsa Patel. Analitenganso Asilamu a ku Bharuch, a Koli a m'mbali mwa nyanja, ngakhale a Parsi ena.

Chifukwa dzinali n'lofala chonchi, palokha silithandiza kudziwa munthu. Ku Gujarat munthu amatchula dzina lake, kenako la bambo ake, kenako la banja. Koma a Patel awiri akakumana, funso loyamba limakhala lakuti, kumudzi kwanu ndi kuti? Yankho lake ndi limene limaulula zonse. M'dera la Charotar, kufupi ndi tauni ya Anand, muli midzi isanu ndi umodzi yomwe kuyambira kale imakwatirana yokhayokha: Karamsad, Nadiad, Dharmaj, Bhadran, Sojitra ndi Vaso. Mdzukulu wobadwira ku London, amene ku India anangopitako kukaona agogo, amadziwabe kuti iye ndi wa ku Dharmaj, ndipo m'mizinda yambiri ya kunja muli mabungwe a anthu ochokera mudzi umodzi, osunga mabuku a mayina a mabanja awo.

Wotchuka kuposa onse anakulira ku Karamsad komweko. Vallabhbhai Jhaverbhai Patel anabadwa mu 1875, mwana wa mlimi, n'kudzakhala loya. Mu 1918 anagwirizana ndi Gandhi kutsogolera alimi a ku Kheda kukana msonkho m'chaka chimene mbewu zinalephera, ndipo mu 1928 anachitanso zomwezo ku Bardoli, kumene anapatsidwa dzina loti Sardar, mtsogoleri. Zimandikhudza kuti zidzukulu za otolera msonkho ndi zimene zinaimirira kukana msonkho wopondereza. India italandira ufulu mu 1947, iye anakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu ndipo anagwira ntchito yolumikiza timaufumu toposa 500 kuti tikhale dziko limodzi. Anamwalira mu 1950. Chiboliboli chake chimene anachitsegula mu 2018 m'mbali mwa mtsinje wa Narmada n'chotalika mamita 182, kuposa china chilichonse padziko lapansi.

Nanga chinawachotsa kwawo n'chiyani, anthu a minda yachonde chotere? Choyamba ndi kuchepa kwa malo. Munda ukagawidwa kwa ana anayi, iwonso n'kugawira ana awo, mdzukulu amatsala ndi kachigamba kosakwana kudyetsa banja. Chachiwiri ndi njala yoopsa ya mu 1899 ndi 1900, imene ku Gujarat amaikumbukirabe ndi dzina loti Chhappaniya. Mvula inakana, ng'ombe zinafa, anthu anafa. Nthawi yomweyo Angerezi anali akumanga njanji yochoka ku Mombasa kupita ku nyanja ya Victoria, ntchito imene inayamba mu 1896 n'kufika ku Kisumu mu 1901. Ambiri mwa amene anakumba njanjiyo anali ochokera ku Punjab. A ku Gujarat anabwera pambuyo pake, ena kudzakhala makalaliki m'masiteshoni ndi m'maofesi a boma, ena kudzatsegula timashopu ta mchere, sopo, palafini ndi nsalu paliponse pamene sitima inkaima. Njira ya panyanjayi siinali yachilendo kwa iwo, poti amalonda a ku Gujarat anali atayenda ndi ngalawa za matanga kupita ku Zanzibar ndi ku Mombasa kwa zaka mazana ambiri.

Mnyamata ankafika wopanda kanthu, n'kukagwira ntchito pa shopu ya malume ake. Ankagona kuseri kwa kauntala, kudya pamodzi ndi banjalo, malipiro ake n'kumasungidwa. Pakapita zaka zingapo malume aja ankamupatsa katundu pangongole kuti akatsegule shopu yake kumudzi wa patsogolo, nayenso akakhazikika ankalembera kalata kwawo kuitana mng'ono wake. Ndi mmene mbewuyi inayangira kuchoka kugombe kulowa kumtunda, mpaka kufika kuno ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia. Ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata, amalonda ambiri oyambirira anali Asilamu ochokera ku Bharuch, n'chifukwa chake m'dera lino si zachilendo kukumana ndi a Patel akuchokera ku mzikiti.

Maiko athu atalandira ufulu, zinthu zinatembenuka. Anthu ambiri ankaona Amwenye ngati gulu limene atsamunda analikondera, lokhala palokha, logwira malonda onse. Madandaulo ena anali ndi maziko, ndipo tisawabise. Koma mankhwala amene atsogoleri anasankha anali owawa. Ku Kenya malamulo a ntchito ndi a malonda anachititsa masauzande kuthamangira ku Britain mu 1967 ndi 1968. Ku Zambia, mfundo za ku Mulungushi za mu 1968 zinaika malonda ambiri ogulitsa m'manja mwa nzika zokha. Ku Malawi, m'zaka za m'ma 1970, boma la Kamuzu Banda linalamula Amwenye kuti achoke m'matelading'i senta a kumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo mabanja ambiri anangopitirira ulendo mpaka ku Leicester. Choopsa kwambiri chinachitika ku Uganda mu Ogasiti 1972, pamene Idi Amin anapereka masiku 90 kuti Amwenye atuluke m'dzikomo. Anasiya nyumba, mashopu, mafakitale ndi manda a makolo awo. Pafupifupi 28,000 anakafika ku Britain, ena ku Canada. Khonsolo ya Leicester inafika polemba chidziwitso m'nyuzipepala ya Uganda Argus chowauza kuti asabwere mumzindawo. Anabwerabe, chifukwa abale awo anali kale komweko.

Mlimi aliyense amadziwa kuti mbatata ukaizula n'kuitaya pa dothi lonyowa imagwiranso. Anthu amene anali ndi mashopu ku Kampala ndi ku Jinja anayamba ntchito m'mafakitale, kusunga kandalama kalikonse, mpaka kugula timashopu ta pakona togulitsa nyuzipepala, mkaka ndi maswiti. Bambo ankadzuka kusanache kukalandira mitolo ya nyuzipepala, mayi n'kukhala pa kauntala masana, ana akaweruka kusukulu n'kumalembera homuweki pafupi ndi makina a ndalama. Shopu inkatsegulidwa masiku onse asanu ndi awiri. Ana amenewo ndi amene lero ali madokotala, maloya ndi eni mafamase. Priti Patel, amene anali nduna ya za m'dziko ku Britain kuyambira 2019 mpaka 2022, ndi mwana wa makolo amene anachoka ku Uganda m'zaka za m'ma 1960 n'kukhala ndi mashopu otere. Dev Patel, wa mufilimu ya Slumdog Millionaire, makolo ake onse awiri anabadwira ku Nairobi. Mbewu yambiri imene inagwira ku Britain siinadulidwe ku India mwachindunji, inadulidwa kuno ku Africa.

Ku America nkhani yake ndi ya mahotela. M'zaka za m'ma 1940 munthu wina wa ku Gujarat, Kanji Manchhu Desai, anayamba kuyendetsa hotela yotsika mtengo ku California, n'kumalandira anzake ongofika kumene ndi kuwaphunzitsa ntchitoyo. Lamulo la mu 1965 litatsegula khomo kwa anthu ochokera ku Asia, ndiponso eni mamotelo okalamba atayamba kugulitsa motchipa m'zaka za m'ma 1970, a Patel anagula. Motelo inkawayenera: banja limagona m'zipinda za kuseri kwa risepushoni osalipira lendi, mayi amachapa zofunda, bambo amakonza mipope, ndipo ndalama yoyambira imachokera kwa abale popanda chiwongoladzanja. Mabanki ndi makampani a inshuwalansi ankawasala, n'chifukwa chake mu 1989 anakhazikitsa bungwe lawo la AAHOA. Kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti mamembala a bungweli ali ndi mahotela pafupifupi 60 pa 100 alionse m'dzikomo, ndipo ambiri mwa iwo ndi a Patel. Pa kalembera wa mu 2000 anthu a dzinali ku America anali pafupifupi 145,000. Pofika 2010 anali pafupifupi 230,000, dzinali n'kulowa m'gulu la mayina 100 ofala kwambiri. Mu 2025 Kash Patel, mwana wa makolo amene anadzera ku East Africa, anakhala mkulu wa FBI.

Tisanyengedwe ndi mayina akuluakuluwa n'kumaganiza kuti Patel aliyense ali pabwino. Ku Gujarat komweko, mu Ogasiti 2015, khamu lalikulu la a Patidar linasonkhana ku Ahmedabad motsogoleredwa ndi mnyamata Hardik Patel, kudandaula kuti ulimi sukupindulanso ndipo achinyamata ophunzira akusowa ntchito. Mu Januwale 2022 banja lina la a Patel lochokera m'mudzi wa Dingucha, bambo, mayi ndi ana awiri, linapezeka litafa ndi chisanu m'malire a Canada ndi America, likuyesa kuwoloka usiku wapansi. Wamng'onoyo anali wa zaka zitatu. Mbiri ya abale olemera kunja imakoka anthu, ndipo ena amatsirizira m'manja mwa ozembetsa anthu.

Amene anatsala m'maiko athu sanangokhala kuseri kwa kauntala. Dipak Patel anakhala phungu wa Lusaka Central komanso nduna ya zamalonda ku Zambia. Ebrahim Patel anayambira m'mabungwe a ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu, n'kudzakhala nduna ku South Africa kwa zaka 15. Mabanja ambiri a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Chipata tsopano ali m'badwo wachitatu kapena wachinayi, ndipo Chichewa amachilankhula ngati wina aliyense wobadwira kuno. Kwawo ndi kuno, ndipo tiziwawerengera choncho.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mbiri ya mashopu a kumidzi aja ikupita ndi eni ake. Anyamata ndi atsikana amene anakulira kuseri kwa kauntala m'matelading'i senta lamulo lija lisanabwere ndi agogo tsopano, ena ku Limbe, ena ku Leicester. Agogo athu amene ankasoka pa khonde la shopuzo, kapena kukongolako mchere podikira ndalama ya fodya ndi thonje, nawonso akutha. Ophunzira mbiri ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Lusaka, nyamulani makina ojambulira mawu mukacheze ndi mbali zonse ziwiri akadali moyo.